Tsiku Limene a Reino Analonjeza Kuti Satsika Pansi

Kuno ku Duluth, mukaitana a Reino Koskela kunyumba kwanu, dziwiranitu kuti mwaitana alendo awiri. Woyamba ndi mdala wamtali wa zaka 68, wodziwa kuvula chipewa pakhomo ndi kupukuta nsapato. Wachiwiri ndi makutu awo. Mdalayo amakhala pampando umene mwamupatsa, koma makutuwo amadutsa kunsi kwa chitseko n'kutsika masitepe mpaka kuchipinda chapansi, komwe boyila imatenthetsa madzi ofunditsa nyumba yonse. Inu mukuwafunsa za umoyo, iwo akungovomera kuti “eya, eya,” chonsecho akumvetsera mapaipi anu.

A Reino anabadwira kufupi ndi doko, komwe bambo awo, obwera kuchokera ku Finland, ankapakira miyala ya chitsulo m'sitima zapamadzi. Sukulu anaisiyira panjira n'kuyamba kunyamulira zida mmisiri wina wokonza maboyila. Ntchito imeneyo anaigwira zaka zoposa makumi anayi, m'matchalitchi, m'masukulu, m'nyumba zikuluzikulu za pamwamba pa phiri ndi m'tinyumba tothinana ta kumunsi. Anapuma pantchito zaka zitatu zapitazo, koma kupuma kwake n'kwa papepala chabe. Munthu ameneyu sanalengedwe kuti akhale pansi. Ngakhale m'tchalitchi mwendo umangogwedera, ndipo dzanja lamanja limakhala m'thumba la buluku, likutembenuzatembenuza kapulagi kakale ka mkuwa, kaja kotsekera kukamwa kwa paipi. Malemu akazi awo, a Marlys, anasoka zigamba m'matumba amenewo mpaka kutopa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Kirsti, anakula akuganiza kuti kapulagiko n'chithumwa. Atafunsa kamodzi ali wamng'ono, anangouzidwa kuti apite akasewere.

Pa zonse za pa boyila, a Reino amalemekeza chinthu chimodzi: vavu yotetezera, ija yokhala pamwamba ndi kamkono kake. Madzi akatentha amafufuma, ndipo mphamvu yake ikapyola muyeso vavuyo imatseguka yokha n'kulavula madzi pang'ono kudzera m'paipi yoloza pansi. Ikapanda kutero, chitsulo chimaphulika. Ndiye chaka chilichonse, masamba akangoyamba kuyoyoka, a Reino amayenda khomo ndi khomo mumsewu wawo wonse, osaitanidwa, osalipiritsa, kukakweza kamkono kaja kuti aone ngati vavu ili moyo. Iwo amati akukaiyetsemulitsa. Ikati “tsii!” n'kutsekanso bwino, amagwedeza mutu n'kumapita. Ikangokhala duu, tsoka kwa mwini nyumba.

Pakuti vuto la a Reino lili pamenepa, ndipo ine sindiwaikira kumbuyo. Manja ndi aluso, koma pakamwa n'pakuthwa. Sadziwa kuitanira munthu pambali. Cholakwa chako amachinenera pagulu, mokweza, ngati kuti walakwa dala, ndipo palibe amene anawamvapo akuvomera kuti iwonso analakwitsapo kanthu. A Marlys ali moyo zinkapepuka. Mdalayo akakalipira munthu m'mawa, madzulo mayi aja ankatulukira pakhomo pomwepo ndi buledi wotentha wokulunga m'kansalu, n'kunena kuti, “Musamutengere, mtima ndi wabwino.” Chimwalirireni iwo, kukalipa kunatsala koma buledi anatha. Anthu ena mumsewumo akaona chipewa chawo chikukhota pageti, amazimitsa wailesi n'kukhala ngati achokapo.

Chaka chatha Kirsti ndi mwamuna wake, Desmond Thibault, anagula nyumba yakale ya njerwa. Desmond ndi munthu wofatsa, wogwira ntchito ya makompyuta, woti akagwira sipanala mumachita kumumvera chisoni. A Reino sanamutchulepo dzina. Ankangoti “wa makompyuta uja,” mwini wake ali pomwepo. Pa phwando lolowera m'nyumbamo, anzake a Desmond akuntchito atadzaza pabalaza, mdalayo anazimiririka. Patapita kanthawi anatulukira manja ali bii, n'kuima pakati pa anthu.

“Amene wagula nyumba ino anali ndi maso, kapena anawaiwala mu kompyuta?” anatero. “Vavu ikudontha m'ndowa ngati mwana wachimfine. Kathanki kolandira madzi akafufuma kanafa kalekale, n'chifukwa chake. Mwana wa zaka khumi akanaziona zimenezi.”

Anthu anaseka kuseka kwa manyazi. Desmond anamwetulira, kenako anatuluka n'kukakhala m'galimoto mpaka alendo onse atapita. Kirsti, yemwe nthawiyo anali woyembekezera, sanakalipe. Anangowatengera bambo ake chipewa n'kuwatsegulira chitseko.

Kuyambira pamenepo a Reino sanapondemonso m'nyumba imeneyo. Mdzukulu wawo Aila atabadwa anamuona kuchipatala, anamuonanso pa ubatizo, ndipo kachitatu anamuonera pawindo la galimoto panja pa sitolo. Kumunyamula sanamunyamulepo. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo ululuwo ankathana nawo m'njira yokhayo imene amaidziwa. Anamasula boyila yakwawo, yomwe inalibe vuto lililonse, n'kuimanganso kawiri konse.

Kutatsala sabata imodzi kuti lifike tsiku la Kuthokoza, limene mabanja kuno amadyera pamodzi chaka chilichonse, foni inalira. Anali Kirsti.

“Bambo, Lachinayi mubwere kuno tidzadyere limodzi. Amayi ake a Desmond akubweranso.”

“Ndibweretse chiyani? Zida zili kale m'galimoto.”

“N'zimenezotu. Zidazo muzisiye kwanu. Ndipo mundilonjeze chinthu chimodzi. Simutsika pansi.”

“Aa, iwe Kirsti, kungosuzumira chabe...”

“Ngakhale kusuzumira. Ngakhale kugwira chitseko chake. Bambo, ndachita kumugwadira Desmond kuti avomere. Mukadzamuchititsanso manyazi, ine sindidzakhalanso ndi pakamwa pokupempherani. Aila adzakula akukuonerani pa zithunzi. Mwandimva?”

A Reino anatembenuza kapulagi m'thumba katatu.

“Ndamva, mwana wanga. Sinditsika.”

Lachinayilo kunacha ndi chisanu cholasa m'mafupa. Chipale chofewa chinali chitakwirira misewu, ndipo mphepo inkachita kuluma makutu. A Reino anatsitsa bokosi la zida m'galimoto, analibwezeramo, analitsitsanso. Potsiriza analisiya pakhonde n'kunyamuka msanga asanasinthe maganizo. Anafika kwa Kirsti 12 koloko masana atanyamula payi wa maungu wogula kusitolo, ngati mlendo wamba.

Anawalandira bwino. Nyumba yonse inkanunkhira nkhukundembo yootcha. Desmond anawapatsa moni wa m'manja, wozizira pang'ono koma waulemu, n'kuwakhazika pampando wa pawindo, kutali ndi chitseko chotsikira pansi. A Reino anaona kuti mpandowo anachita kuusankha. Kirsti anadutsa ndi mwana paphewa, n'kuima pang'ono kuti agogo amuone. Mwanayo anatengera chibwano cha a Marlys. A Reino anatambasula manja, koma Kirsti anati, “Bwinobwino, Bambo, ali ndi tulo. Akadzuka,” n'kupita kukamugoneka m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini.

Amayi ake a Desmond, a Lorraine, anali atafika dzulo lake kuchokera ku Arizona, komwe anasamukira pothawa chisanu. Ndi mayi wamfupi, wolongolola, woseka ndi thupi lonse. Anali atavala majuzi awiri ndi mpango m'khosi.

“Asewere, inu mumakhala bwanji m'dziko lino?” anawafunsa a Reino. “Ine magazi anga anazolowera dzuwa. Iwe Desmond, takweza kutenthaku, amayi ako ndingaume ngati nsomba ya m'firiji.”

Desmond anapita pakhoma n'kutembenuza kachipangizo kokwezera kutentha. Kunsi kwa mapazi awo a Reino anamva boyila ikuyaka, “vuu.” Anawauza makutu awo kuti akhale phee, koma makutu amenewo sanamverepo munthu. Anamva madzi akuyamba kuyenda m'mapaipi. Anamva rediyeta, chitsulo chofunditsa pabalaza, ikuti “ke, ke, ke” potentha. Zonse zinali m'malo mwake, kupatula chinthu chimodzi chimene sankachimva. Pakolido ya nyumbayi pali kabowo kotchinga ndi waya, ndipo chaka chatha phokoso la kudontha linkakwera pamenepo momveka bwino, “tho, tho, tho,” m'ndowa yachitsulo. Lero kunali zii.

Anadziuza kuti mwina anaitana mmisiri wina. Maganizo amenewo anawabaya, komabe zikanakhala bwino. Anapirira mphindi khumi. Anayamikira makatani. Anawafunsa a Lorraine za ku Arizona, yankho osalimva. Kenako pakamwa panangotseguka pokha.

“Kudontha kuja kunatha eti? Munachita bwino kusinthitsa kathanki.”

“Kathanki sitinasinthe, Bambo,” anayankha Desmond. “Timati chisanu chithe kaye. Ndowa ndimataya madzulo alionse, dzulonso ndataya. Koma lero chidzukire sindinamve kudontha. Kwangosiya kokha.”

“Kokha?”

“Yamva kuti mukubwera, yachita mantha!” anatero a Lorraine, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

Kukhitchini supuni inagwa pansi. Kirsti anasuzumira pakhomo.

“Bambo, munalonjeza.”

“Ndangofunsa, mwana wanga.”

Vavu yodontha siisiya yokha. A Reino ankazidziwa zimenezi monga mmene amadziwira dzina lawo. Siingasiye tsiku lozizira chonchi, boyila ikuyaka osapuma, kathanki kali kakufa. Ikasiya, ndiye kuti mwina yauma ndi dzimbiri, apo ayi munthu waitseka. Anamuyang'ana Desmond ndi manja ake osalala aja. Ameneyu waonera kanema pa kompyuta, anaganiza motero, n'kuthamangira kusitolo kukagula chotsekera, ndiye pano akunama kuti kwasiya kokha.

Anaimirira n'kupita pawindo. Anabwerera. Anakhudza rediyeta n'kuchotsa dzanja msanga. Anatola nyuzipepala, anaitembenuza, anaiika pansi. Anawerenga ndi maso mapazi ochoka pampando wawo kukafika pachitseko chija, n'kupeza khumi ndi anayi. Anakumbukiranso mmene nyumbayi inamangidwira, ndipo akanakonda akanapanda kukumbukira. Boyila inali kunsi kwenikweni kwa kachipinda ka kuseri kwa khitchini, momwe Aila anali mtulo.

“Asewere, takhalani pansi, mukundizunguza mutu,” anatero a Lorraine. “Kodi mpandowo uli ndi nsikidzi? Desmond, onjezanso pang'ono, zala zangazi zafa.”

“Musaonjeze,” anatero a Reino.

Onse anawayang'ana.

“Ndikuti... tikayamba kudya mufunda.”

“Inu a ku Finland inu munabadwira m'chipale, musandiuze za kufunda,” anatero a Lorraine, n'kunyamuka kukatembenuza okha kachipangizo kaja.

A Reino anakhala pansi, manja onse awiri atakanikiza mawondo kuti asagwedere. Anayesa kudzinyengerera. Mwina dzimbiri langotseka kabowo pang'ono, ndipo mphamvu ikakwera vavu itseguka. Mwina boyila ipirira mpaka madzulo, poti zitsulo zakale n'zolimba. Mwina iwo angokalamba, akumva zinthu zomwe kulibe. Pa zonsezi palibe chimene anakhulupirira.

Cha m'ma 2 koloko anakhala patebulo. Monga mwa mwambo, asanagwire mpeni anagwirana manja kuti aliyense anene chimene akuthokoza chaka chino. Dzanja lamanja la a Reino linali m'dzanja la Kirsti, ndipo anamva kuti la mwana wawoyo lili ndi thukuta. Anayamba ndi a Lorraine, ndipo mayi amene aja akamathokoza amayambira pa Adamu. Anathokoza woyendetsa ndege, anathokoza dokotala wa mawondo, anathokoza aneba amene atsala akuwadyetsera mphaka. Rediyeta inati “gu!” A Reino anatsinzina. Desmond anathokoza mkazi wake ndi mwana, n'kuonjeza motsitsa mawu kuti akuthokozanso kuti banja lakhala pamodzi. Ananena zimenezo akuyang'ana apongozi ake, ndipo a Reino anaona kuti zikuchokera pansi pa mtima. Chinangotsala n'choti akhale chete ola limodzi lokha, adye, anyamule mdzukulu wawo, abwerere kwawo ali agogo.

Kenako kunsi kunamveka kulira kwina, kotalika, kwa chitsulo chimene chikukanika kupirira. Enawo sanakumve. Inali nthawi ya a Reino yoti athokoze, ndipo onse ankadikira.

“Kirsti, mwana wanga,” anatero, “ndalephera.”

Anasolola manja awo n'kukankha mpando.

“Bambo!” anakuwa Kirsti. “Mukangotsegula chitseko chimenecho...”

Anatsegula. Pamwamba pa masitepe pali swichi yofiira yozimitsira boyila, ndipo anaimenya asanaponde sitepe yoyamba. Anatsika mothamanga kuposa mmene mawondo awo amalolera. Kamuvi ka pa geji yoyezera mphamvu ya madzi kanali katadutsa kale mzere wofiira wa pa 30, kali pa 48. Anatseka gasi n'kukuwa molunjika kudenga.

“Desmond! Chotsani mwana m'kachipindamo, mupite naye kutsogolo! Msanga!”

Aka kanali koyamba kumutchula dzina, koma panalibe nthawi yodabwa. Anamva mapazi akuthamanga pamwamba. Anagwada, analumikiza paipi yapulasitiki kumpope wa kunsi kwa boyila, anailozetsa kubowo lotayira madzi, n'kutsegula pang'onopang'ono. Madzi otentha anatuluka ndi nthunzi. Kamuvi kanagwedera, kenako kanayamba kutsika. Apo m'pamene anakweza maso kuyang'ana vavu.

Zinali monga ankaganizira. Paipi yoloza pansi ija inali itamasulidwa n'kubisidwa kuseri kwa makina ochapira, ndowa itavundikiridwa pakona, ndipo kukamwa kwa vavu kunali kapulagi ka mkuwa katsopano, konyezimira. Ukali unawakwera mpaka m'makutu. Mawu anali atakonzeka kale, okwanira kumusenda khungu Desmond pamaso pa amayi ake. Anakoka mpweya kuti akuwe.

Ndiye anaona tepi. M'mazinga a kapulagiko munkaonekera tepi yoyera ya mapaipi, yokulungidwa mosalala, osapindika, nsonga yake itadindidwa ndi chikhadabo. Desmond sakanatha zimenezo ngakhale mutamupatsa mwezi wathunthu. Anyamata onse amene anadutsa m'manja mwa a Reino anathawa asanaphunzire kukulunga tepi motero. Amene anapirira mpaka kudziwa anali munthu mmodzi yekha, mwana wawo yemwe, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ataimirira pa kabokosi m'galaja yawo.

Masitepe analira. Kirsti anatsika pang'onopang'ono, akadali ndi epuloni, n'kuima pa sitepe yomaliza. Anayang'ana nthunzi, kenako anayang'ana geji.

“Inafika pati?”

“Pa 48.”

Anangoti khwaa pa sitepeyo.

“Ndimati maola anayi okha,” anatero. “Mukangopita ndichotse. M'mawa ndinayang'ana, inali pa 20. Sindinaganize za amayi aja ndi kuzizidwa kwawo.”

“Iwe, Kirsti? Iwe amene ukudziwa?”

“Ndikudziwa, ee! Ndikudziwanso makutu anu. Mukanangolowa pakhomo n'kumva kudontha, mukanapirira mphindi zingati? Mukanamuyamba Desmond, iye akanatuluka, basi zikanathera pomwepo. Ine ndimafuna mwana wanga akhale ndi agogo.” Anapukuta m'maso ndi epuloni. “Bambo, ndinaopa pakamwa panu kuposa boyila.”

Mawu amenewo anawalasa. Mwana wawo, wanzeru, wodziwa bwino lomwe chimene chitsulochi chingachite, anagoneka khanda lake pamwamba pa vavu yotseka chifukwa choopa bambo ake. A Reino anagwidwa ndi manyazi oti sanawamvepo kwa zaka zambiri. Anafuna kukalipa, poti ndi chokhacho amadziwa, koma anapeza kuti dzanja latuluka kale m'thumba. Anatambasula chikhatho. Kapulagi kakale kaja kanali kosalala, mazinga ake atatha ndi zala.

“Unandifunsapo za aka,” anatero. “Chinali chaka cha 1978, ndili ndi zaka 22. Kufupi ndi doko kunali nyumba yogonamo anthu a m'sitima. Mayi wa nyumbayo ankadandaula kuti vavu ikumunyowetsera matumba a mbatata. Linali Lachisanu, ndipo amayi ako ankandidikira kuti tipite kudansi. Ndinati nditsekeko ndi kapulagi aka mpaka Lolemba. Masiku awiri okha.”

Kirsti anakweza mutu.

“Loweruka m'mawa inaphulika. Inaboola pansi pa khitchini. Sipanafe munthu, koma panali mdala wina, a Halvor, ankamwa khofi pamenepo. Anapsa miyendo yonse, ndipo sanayendenso popanda ndodo. Abwana anga anakatola aka pakati pa njerwa zogumuka, n'kundiikira m'manja. A Halvor ndinkakumana nawo mumsewu zaka khumi ndi ziwiri. Ankandipatsa moni. Sanadziwe. Ankadziwa ndi abwanawo ndi amayi ako okha.”

“Ndiye zaka zonsezi mumakalipira anthu...”

“Ndikaona vavu yodwala ndimamuona mnyamata uja akuthamangira kudansi. Ndimafuna kumugwira pakhosi. Koma amene amakhala ataima patsogolo panga ndi wina.”

Kamuvi kanali katatsika kufika pa 15. Anatseka mpope. Atatembenuka anaona kuti Desmond waima pakati pa masitepe, Aila ali pachifuwa atamufunditsa jekete. Sanadziwe kuti waima pamenepo nthawi yaitali bwanji, koma nkhope inkaonetsa kuti wamva zonse. Pamwamba a Lorraine ankafunsa mokuwa ngati nyumbayi iphulike asanadye kapena atadya.

A Reino anapempha sipanala, ndipo Kirsti anaitulutsa kuseri kwa makina ochapira. Inali yawo yakale, imene anamupatsa tsiku lomwe ankapita kukoleji. Anamasula kapulagi katsopano pang'onopang'ono kuti madzi otsalira atuluke, anabwezeretsa paipi, n'kuika ndowa pamalo pake. Mapulagi awiriwo anawasanjika pamwamba pa makina ochapira. Kenako anapukuta manja pa buluku n'kuima chilili. Lonjezo anali ataswa, ndipo ankadziwa kuti chotsala ndi chipewa ndi chitseko, monga chaka chatha.

“A Desmond,” anatero, ndipo dzinalo linatuluka movutikira ngati bawuti yadzimbiri. “Nyumba ndi yanu. Chaka chatha ndinakulakwirani pamaso pa anzanu. Pepani. Ndikupita. Koma ndisanapite, vavu iyi iyetsemule kaye, tione ngati siinaonongeke. Ine ndinauzidwa kuti ndisagwire kanthu muno, ndipo ndagwira zokwanira. Kamkonoka mukweze ndinu.”

Desmond anayang'ana mkazi wake, anayang'ana vavu, kenako anatsika masitepe otsalawo.

“Ndili ndi mwana m'manja sindingathe, Bambo. Tandigwirirani uyu.”

Asanayankhe, mwana anali kale m'manja mwawo. Anali wolemera kuposa mmene ankaganizira, wofunda, wonunkhira mkaka. A Reino anauma thupi lonse, kuopa ngakhale kupuma.

“Chonchi?” anafunsa Desmond.

“Kwezani mpaka pamwamba, muwerenge kasanu, musiye kabwerere kokha. Phazilo lichoke pafupi ndi ndowa.”

Vavu inati “tsii!” Madzi anagunda m'ndowa, kamkono kanabwerera “kha,” kunsonga kwa paipi kunagwa madontho atatu, kenako kunati zii. Aila anadzidzimuka n'kukwinya nkhope, koma m'malo molira anagwira chala chakuda cha agogo ake n'kuyamba kuchikokera kukamwa.

“Ili moyo,” anatero Desmond, akumwetulira. Kenako anakhosomola pang'ono. “Kathanki kaja munati kanafa. Loweruka muli ndi mpata? Mudzandionetse, ndidzasinthe ndekha. Koma mudzayambe mwadya musanatsike kuno.”

“Ndipo mukadzangotchula kompyuta ngakhale kamodzi...” anatero Kirsti.

Mwachizolowezi dzanja la a Reino linafuna kuthawira m'thumba, koma m'thumbamo munalibe kanthu, ndipo Aila chala chija sankachisiya.

“Kwerani naye, Bambo, kuno kukuzizira,” anatero Kirsti. “Madzi tionjezera ndife, ndipo tiyatsa ndife. Ikayambanso kudontha, idonthe.”

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, mwana ali pachifuwa, akuyang'ana poponda. Kumbuyo kwawo anamva Kirsti akuuza mwamuna wake mpope woyenera kutsegula, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni 1978, a Reino Koskela anasiya boyila m'manja mwa anthu ena osacheuka.